Mzere wa Madzi pa Khoma la a Levulo

Dzina lakuti Levulo anawapatsa ndi akazi awo, potengera kachipangizo ka amisiri koyezera ngati khoma lawongoka. Ankati bambowa ngakhale pogona amayamba ayeza ngati bedi lapendekeka. Anali mmisiri womanga, ndipo nyumba zisanu ndi ziwiri za njerwa zowotcha zimene zinali kuchigwa kuja, m'mbali mwa mtsinje, zonse zinatuluka m'manja mwawo. Akazi awo anali osoka, anthu ankangoti mayi Telala. Makina awo ankakhala pakhonde, ndipo pakhondepo sipankatha anthu, chifukwa mayiwo miyendo ikupalasa, manja akukoka nsalu, pakamwa panali pa ntchito yakeyake. Nkhani ikalowa m'khutu lawo m'mawa, masana yafika kumsika. Sikuti anali amiseche ayi. Kungoti kusunga chinthu m'mimba sankatha, ndipo bodza likawafika pakhosi ankaseka okha asanalimalize.

Chaka cha madzi osefukira oyamba mayi Telala kunalibe. Anaterereka pachitsime mvula itangoyamba, fupa la m'chiuno n'kuthyoka, ndiye anagona kuchipatala cha kutauni miyezi iwiri ndi theka, mwana wawo wamkazi akuwasamalira. Madzi anabwera iwo ali komweko. A Levulo anasenza makina osokera pamutu n'kuthawira nawo kusukulu ya kumtunda. Nyumba zonse za zidina zinasungunuka ngati shuga m'kapu. Zinatsala zisanu ndi ziwiri zija basi. M'nyumba mwa a Levulo madzi anapitirira mawindo, anamiza chitseko, kunangotsala chikhato chimodzi kuti akhudze denga. Ataphwa anasiya khoma lonse lili lofiirira, ndi mzere wakuda pamwamba pomwe anathera.

Patapita masiku, kusukulu kuja kunabwera galimoto ya boma. Bambo wina anakwera pa desiki n'kuwerenga pepala. Anati kulikonse kumene madzi anapitirira windo, amenewo si malo okhala anthu, onse asamukira kuphiri. Koma kumene anathera m'munsi mwa windo, boma likumba ngalande ndi kumanga chikhoma cha dothi chotchinga mtsinje, anthu akhale pomwepo. Choyezera madzi chimene chinali pamlatho chinapita ndi mlatho womwewo, ndiye opima akabwera adzayang'ana makoma a nyumba zimene zaima.

Phiri lija a Levulo ankalidziwa. Miyala yokhayokha, khasu limalira ngati belu. Kotunga madzi ndi ola lathunthu kutsika, kukwera osanena. Ndipo adokotala anali atanena kale kuti mayi Telala moyo wawo wonse adzayendera ndodo ziwiri. A Levulo ankati akatseka maso ankawaona akazi awo atakhala pamwala, makina ataphimbidwa, palibe wobwera ndi nsalu, palibe womuseka.

Anapita kukaona nyumba ndi mlamu wawo, mchimwene wake wa mayi Telala, amene ankakonza njinga pamsika. Mlamuyo anaima pakati pa chipinda, matope mpaka m'akakolo, n'kuyang'ana mzere uja m'mwamba.

"Alamu," anatero, "khoma lanuli ndi lolongolola ngati mlongo wanga. Litinenera."

A Levulo sanaseke.

"Inetu ndikungoti, munthu wolongolola amam'tseka pakamwa. Laimu simukumudziwa inu?"

"Opima si ana. Akapeza kuno madzi afika m'chiuno, kwa aneba afika pachifuwa, kwinako m'mawondo, adziwa kuti tajambula tokha. Madzi sathera mokhotakhota."

"Ndiye mwati ntchito yake ikufuna mmisiri. Kaya timupeza kuti."

A Levulo anali ndi paipi yaitali yoonekera mkati, imene ankayezera maziko. Ukaithira madzi, n'kugwira mbali iyi munthu mmodzi, mbali inayo wina, madzi amaima mofanana konsekonse ngakhale pansi pakhale zitunda. Anayambira kwawo. Anaika chizindikiro m'munsi mwa windo, pofika m'chiuno mwa munthu. Kenako anatenga msinkhu womwewo ndi paipi ija, nyumba ndi nyumba, mlamu wawo atagwira mbali inayo, mpaka zonse zisanu ndi ziwiri. Anamanga chingwe, kuchokera pachingwe kupita m'mwamba anakwecha ndi bulashi, anapaka laimu kawiri, mkati ndi kunja. Atauma anayatsa udzu wauwisi m'zipinda kuti utsi udetse laimuyo aoneke wakale. M'munsi mwa chingwe sanakhudzemo, matope ake anali enieni. Pomaliza anaviika chiguduli m'matope akuda n'kudinda mzere watsopano.

Ntchito inatenga masiku anayi. Eni nyumba onse anathandiza, akazi akutunga madzi, amuna akukwecha. Anapangana kuti nkhaniyi ifere pomwepo.

"Ndipo mlongo wanga asamve," anatero mlamu. "Akamva iyeyo, bola tingolengeza pa wailesi."

Anthu anaseka. A Levulo anavomera ndi mutu.

Opima anabwera sabata yotsatira. Wotsogolera anali mayi wachichepere wovala majombo, ankamutcha injiniya, ali ndi amuna awiri onyamula chipangizo cha miyendo itatu. Anayenda nyumba zonse, wina akusuzumira pa chipangizo, wina ataimika thabwa la manambala pakhoma. Mayiyo ankalemba. Atamaliza anagwedeza mutu mokhutira.

"Zisanu ndi ziwiri zonse zikugwirizana. Kusiyana kwake sikufika chala."

Koma potuluka panyumba ya a Levulo anaima pansi pa mtengo wa mango umene unali pabwalo. M'nthambi, pamwamba kuposa mutu wa munthu wamtali, munakodwa chithumba chong'ambika ndi zinyalala za mapesi. Palibe amene anakumbuka kuyang'ana m'mitengo.

"Nanga icho chinakwera bwanji?"

"Choopsezera mbalame chimenecho, mayi," anayankha mlamu msangamsanga. "Mbalame za kuno n'zophunzira, chidole cha pansi zimachiseka."

Amuna awiri aja anaseka. Mayiyo sanaseke. Anatembenukira kwa a Levulo.

"Bambo, ndamva kuti nyumba zonsezi munamanga ndinu. Ndiye ndikufunsani ngati mnzanga pa ntchito. Chikhoma chimene timange, kutalika kwake kuchokera pa mzere uwu. Tidzangowonjezera mkono umodzi pamwamba pake. Madzi anathera pamenepa?"

A Levulo anayang'ana khoma. Masamu ake sanali ovuta, anawapanga ali chiimire. Pakati pa mzere wawo ndi mzere weniweni panali mikono iwiri ndi chikhato. Boma liwonjezera umodzi. Chikhomacho chidzaperewera mkono wathunthu ndi kanthu.

Eni nyumba onse anali ataima kumbuyo kwawo. Wina anatsokomola.

"Mwayeza nokha, mayi," anatero a Levulo.

"Ndayeza khoma. Ndikufunsa inuyo."

"Ndi pamenepo."

Mayiyo anayang'ananso chithumba chija kanthawi, n'kutseka buku lake.

Pobwerera a Levulo ankadziuza kuti madzi otere amabwera kamodzi pa moyo wa munthu. Bambo awo anawaona ali mwana, iwo awaona atakalamba. Akadzabweranso, iwo ndi akazi awo adzakhala atagona kale.

Mayi Telala anabwera pa ngolo, ndodo ziwiri zili pambali, ataonda koma pakamwa pali pomwe. Atalowa m'nyumba anayang'ana khoma n'kuyamba kuseka mpaka kugwira m'chiuno mopweteka muja.

"Abambo, madzi ake ndi amenewa? Amene munkalira nawo m'kalata aja? Ofika m'chiuno? Ine ndimayesa nyumba inamira! Amuna inu mantha. Ndikanakhalapo ine ndikanangokwera patebulo n'kumasoka."

"Anali ndi mphamvu," anatero a Levulo.

"Anagwetsa zidina za aulesi. Nyumba ya mwamuna wanga anaigwadira."

Mawu amenewo ankawanena kwa aliyense wobwera ndi nsalu. Ankalozanso ndi sizasi. "Mukuona apo? Anathera pamenepo. Anafika n'kupeza kuti womanga ndi Levulo, n'kubwerera." Aneba amene anakwecha nawo makoma ankaseka, kuyesa kuti mayiwo akudziwa, akungochita nthabwala zawo zija. Iwonso ankawonjezera. "Eetu, mayi, anachita manyazi madziwo." A Levulo akamva ankazemba kupita kuseri.

Zimakina za boma zinabwera mvula itatha. Zinakumba ngalande yaikulu kudutsa m'minda, ndi zing'onozing'ono zothiramo. Zinaunjika dothi m'mbali mwa mtsinje, kuligandaganda mpaka kulimba ngati msewu. A Levulo anawalemba ntchito yoyala miyala pamene ngalande imatulukira mumtsinje, pomwe panali chitseko chachitsulo chotsekera madzi. Tsiku lina anapita kwa woyendetsa chimakina.

"Achimwene, dothi lilipo lambiri. Bwanji osakwezako pang'ono? Mkono umodzi wokha."

"Madala, mukuona zikhomo izo? Pamene pali utoto wofiira ndi pomwe ndikuthera. Ndikapitirira, mafuta ake mundigulira ndinu?"

"Ndimangoti mwina."

"Mwina ali kuofesi. Pitani mukawauze kuti pepala lawo lalakwika, mukanene ndi chifukwa chake."

A Levulo sanapite.

Chikhoma chitatha, mayi Telala anawaitana m'chipinda chochezera.

"Abambo, ndaganiza. Miyendo iyi kuthawa sindingathe, ndipo inu kusenzanso makina pamutu mwakalamba. Mundimangire chiguwa cha simenti pakona apo, chopitirira mzerewo, chokhala ndi masitepe. Madzi akadzalowanso, ndidzangokwera ndi makina anga, n'kudikira aphwe."

"Madzi akadzabwera mudzapita kumtunda ndi anzanu."

"Pa msana pa ndani? Mangani, bambo. Kapena mukufuna ndilembe mmisiri wina, anthu aseke?"

Pamenepo pakamwa pa a Levulo panatseguka. Mawu anali pa lilime. Koma ngalande inali itakumbidwa kale, zikhomo zitazulidwa, boma litapita. Akanena, mawa msika wonse udziwa, ndipo mabanja asanu ndi awiri, ndi ena onse amene anamanganso kumbuyo kwa chikhoma, akwezedwa kuphiri chifukwa cha pakamwa pa nyumba yawo. Komanso panali china. Zaka makumi anayi mayiwa ankauza anthu kuti anakwatiwa ndi munthu amene sadziwa kunama. A Levulo anatseka pakamwa n'kukatenga njerwa.

Anamanga chiguwacho chachitali, mizere inayi ya njerwa kupitirira pamene anauzidwa. Mayi Telala atayesa kukwera anakanika pa sitepe yachitatu.

"Mukundimangira nsanja yoti ndikalankhule ndi Mulungu? Tsitsani. Chikangopitirira mzere ndi chikhato basi chakwana."

Anatsitsa. Anachipaka pulasitala bwinobwino, pamwamba posalala, m'mbali mowongoka. Inali ntchito yokongola.

Zaka ziwiri zinadutsa bwino. Mvula ikagwa, ngalande inkanyamula madzi, minda imene kale inkangokhala dambo inabereka. Anthu ochoka kwina anabwera kudzamanga. Pamsika amuna ankawagwira a Levulo dzanja ndi manja awiri, osanena chifukwa. Mlamu wawo ankawatcha bwana injiniya wamkulu. Koma a Levulo chakudya chinkawakomera masiku a dzuwa okha. Mitambo ikachita bii kumapiri, ankapita kuchikhoma n'kumayenda pamwamba pake, manja kumbuyo.

Chaka chachitatu mvula inagwa masiku asanu osapuma. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kutacha, mtsinje unali utadzaza mpaka kutsala mkono umodzi kuti ufike pamwamba pa chikhoma. Wailesi inkanena kuti amene ali kumbuyo kwa makoma atsopano asade nkhawa, anamangidwa kupitirira madzi a chaka chija. Amene anabwera kumene anakhulupirira. Eni nyumba zisanu ndi ziwiri anayamba kumanga katundu.

A Levulo anapeza akazi awo akusoka yunifolomu ya mwana wa munthu, makina atawalowetsa m'nyumba chifukwa cha mphepo.

"Mayi, amayi anzanu akupita kusukulu. Ndapempha ngolo, ikubwera. Mupite nawo."

"Ndikakhale m'kalasi ndi ana a chimfine, kugona pa simenti ndi chiuno ichi? Madziwo ayambe akwera chikhoma chanu, akatero awoloke minda, akatero apeze mzere wawo uja. Ine ndili pamwamba pake."

"Mayi, mverani. Mzere umenewo..."

"Alamu!" Mlamu wawo anali pakhomo, atanyowa ngati nkhuku, mafosholo awiri paphewa. "Pachitseko chachitsulo pakudontha! Amene mukudziwa miyala ija ndinu. Tiyeni, muzidzachezerana madzulo, akazi anu sakuthawa. Athawa ndi chiyani?"

"Iwe, ndodo iyi ikufika pamenepo," anatero mayi Telala.

A Levulo anaima pakati. Anaganiza kuti nkhani yake ndi yaitali, ikufuna kukhala pansi. Anaganizanso kuti akatseka podonthapo ndi kuunjika matumba, mwina sipafunikanso kunena.

"Ngolo ikabwera mukwere," anatero. "Ndikupemphani. Ndikabwera tikambirana."

"Valani chipewa, mutu umenewo ulibe udzu."

Kuchikhoma kunali amuna ngati makumi atatu. Anatseka podontha paja. Anayamba kudzaza matumba ndi dothi n'kumayala pamwamba, koma chikhoma chinali chachitali ulendo wa ola, matumba analipo mazana awiri. Madzi ankakwera osathamanga, ofiirira, atanyamula mitengo, mbuzi zotupa, denga la munthu. A Levulo anazika kamtengo m'mphepete n'kumayang'ana. Chala. Zala ziwiri. Chikhato.

Dzuwa silinkaoneka, koma inali nthawi ya masana pamene madzi anafika pamwamba. Sanaboole pamodzi ayi. Chikhomacho anachimanga mofanana bwino, ndiye anasefukira ponseponse nthawi imodzi, ngati mphika wodzaza. Kenako dothi linayamba kudyeka kumbuyo, ndipo cha kumtunda kunamveka chiphokoso, chigawo chonse chitapita. Ngalande ija, imene inakumbidwa kuti izichotsa madzi, ndi imene inawatengera kunyumba za anthu mwachangu.

Amuna ena anathamanga pamwamba pa chikhoma kulowera kumtunda. A Levulo analumphira mbali ya kuminda. Madzi anawagwetsa pomwepo, anawakokera pansi, ndipo akanapita mlamu wawo akanapanda kuwakola ndi fosholo pa lamba. Anawakokera pa miyala ija a Levulo anayala okha, pambali pa chitseko chachitsulo. Pamenepo pokha ndi pamene panatsala poima. Kutsogolo mtsinje, kumbuyo nyanja.

"Ndisiye! Ali m'nyumba!"

"Anakwera ngolo! Alamu, anakwera ngolo, khalani pansi!"

Mlamuyo anawakhalira pamiyendo. Kuchokera pamenepo nyumba inkaoneka patali, denga lake ndi mtengo wa mango. Anaona madzi akufika pakhonde. Anaona akufika pawindo. Chitseko chinali chotseka. A Levulo ankayang'ana chitsekocho chikufupika, chikufupika, mpaka kunatsala denga lokha. Mlamu uja nthabwala zinamuthera. Ankangobwereza kuti anakwera ngolo, koma mawu ake anali atasanduka a mwana.

Bwato la opulumutsa linawapeza dzuwa litapendeka. Kusukulu a Levulo analowa kalasi ndi kalasi. Amene anawaimitsa ndi mayi wa nyumba yoyandikana ndi yawo, amene zaka zitatu zapitazo ankatunga madzi osungunulira laimu. Atawaona anagwa pansi n'kuwagwira mapazi.

"Tinapita ndi ngolo, bambo. Tinawapempha. Anati tengani ana ndi mayi wapakati uyo, malo ndi ochepa, ine ndili ndi pokwera. Anatiuza tiwakwezere makina pachiguwa. Tinawakweza, iwonso tinawakweza. Ankaseka. Anati madzi amathera apa, akuloza ndi ndodo."

"Ndiye inu simunawauze?"

"Ife timayesa akudziwa! Timayesa ndi nthabwala zawo zija, kuti akangoona madzi pakhomo aitana anthu. Akazi anu enieni, bambo, ogona nawo nyumba imodzi. Tikanadziwa bwanji kuti simunawauze?"

Madzi anakhala masiku atatu, chifukwa chikhoma chimene chinatsala chinkawatsekereza kubwerera mumtsinje. Tsiku lachinayi a Levulo ndi mlamu wawo anapita pa bwato n'kuthyola chitseko. M'munsi mwake munali mutatsekedwa ndi zidutswa za nsalu, zopanikizidwa bwino ndi ndodo. Makina anali pachiguwa, atakulungidwa m'pulasitiki n'kumangidwa ndi chingwe. Pambali pake panali jekete la a Levulo la kutchalitchi ndi nsapato zawo, atazikweza kuti zisanyowe. Mayi Telala anawapeza pansi, pakona ina, matope atawaphimba theka.

Anawaika kumtunda, paphiri lija. Dzenje linatenga tsiku lonse chifukwa cha miyala. Anthu ena khumi ndi mmodzi anaikidwa sabata yomweyo, onse a m'mabanja obwera kumene aja, amene anamvera wailesi.

Mwana wawo wamkazi anafika mochedwa, misewu inali itaduka. Anapeza manda atatsekedwa kale. Sanalire mokuwa. Anakhala pafupi ndi bambo ake m'kalasi muja, akuwapatsa madzi, akuwakakamiza kudya, akuwafunditsa.

Tsiku lachitatu chifikireni iye, pabwalo la sukulu panaima galimoto ya boma. Munatuluka mayi injiniya uja. Anali ataonda, maso atalowa. Anthu atamuzindikira anayamba kusonkhana. Wina anaponya chibuma chinamenya chitseko cha galimoto. Amene ankakuwa kwambiri anali eni nyumba zija.

"Chikhoma chako chija chili kuti?"

"Sukulu munapitira kukaphunzira kupha anthu?"

Mayiyo sanathawe. Anaima manja ali pansi.

"Ndabwera ndekha, sanandituma," anatero. "Ntchito andiimitsa, akuti ndikayankhe. Ndabwereza masamu anga kakhumi, sindikupeza pamene ndinalakwa. Koma ndinalakwa penapake, poti anthu afa. Ndabwera kuti mundione nkhope."

Mwana wa a Levulo anadzuka, anadutsa pakati pa anthu n'kukaima pamaso pake.

"Mayi anga anali olumala. Anakhala m'nyumba chifukwa anakhulupirira inu. Munabwera ndi zipangizo zanu, munayeza, munalemba. Mundiuze, munkayeza chiyani? Mwawapha ndinu. Mukumva? Ndinu!"

A Levulo anali ataima pakhomo la kalasi. Mlamu wawo anawagwira mkono.

"Alamu, musatero. Wapita wapita. Mwanayu watsala ndi inu nokha."

A Levulo anachotsa dzanjalo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo.

"Mwanawe, musiye mayiyu."

"Bambo, pitani mukakhale pansi."

"Anayeza bwino. Anayeza mzere umene ndinajambula ine."

A Levulo ananena zonse, mawu awo osakwera. Za paipi, za laimu, za utsi wa udzu. Anati madzi oyamba aja anamiza chitseko, ndipo mayiyu anawafunsa pamaso pa anthu, iwo n'kuyankha kuti ndi pamenepo. Sanatchule amene anawathandiza. Sipanafunikenso, chifukwa anthuwo anali atayamba kale kuyang'ana pansi, ena akubwerera chambuyo.

Bambo wina amene anaika ana awiri sabata imeneyo anakhala pansi pamatope pomwepo, n'kugwira mutu.

Mayi injiniya anatsamira galimoto. "Chithumba chija," anatero, ngati akulankhula yekha. "Ndinachiona. Ndinachiona ine."

Mwana uja ankangowayang'ana bambo ake.

"Amayi ankadziwa?"

"Ayi."

"Zaka zitatu?"

"Zitatu."

"Ndiye chiguwa chija, chimene ankandiuza pafoni kuti bambo ako andimangira pothawira. Munamanga inu, ndi manja anu, mukudziwa?"

"Ndinkafuna asakwere phiri ili. Miyendo yawo..."

"Ali kuti panopa?"

Mwanayo anatembenuka, analowa m'kalasi, anatenga chikwama chake. Tsiku limenelo anagona kwa amayi ena m'kalasi ina, ndipo kutacha anayenda wapansi mpaka kumene mabasi ankathera.

A boma anabwera kudzalemba mawu a a Levulo, kawiri. Anati awaitana. Mpaka lero sanawaitane. Anthu onse anakwezedwa kuphiri, chigwa chija anachitseka. Amene anaika abale awo sawapatsa moni. Amene anakwecha nawo makoma sawapatsanso moni, amenewo ndiye amachita kukhota njira. Amene amabwera ndi mlamu wawo yekha, amakhala pakhomo, nthawi zina ola lathunthu osalankhula.

Mwana uja amatumiza katundu miyezi iwiri iliyonse, sopo, mankhwala a miyendo, nthawi yozizira bulangete. Amatumiza kwa amalume ake. M'katoni mumakhala kapepala, ndipo mlamu amawerenga mokweza poti maso a a Levulo anafooka. Kamalembedwa kwa amalume. Kamati muwauze amwe awiri m'mawa, awiri madzulo, asamwe m'mimba mulibe kanthu.